Mankhwala a ergot ndi makoswe a mu labu: bwanji amachotsa mimba kwa khoswe koma nkuthandiza mayi kutenga pathupi?

Pali chisokonezo china chomwe chimawagwera anthu ambiri amene adokotala awalembera bromocriptine kapena cabergoline, makamaka amayi amene akufuna mwana koma msambo unasiya kubwera, kapena mkaka ukungotuluka m'mawere pomwe sakuyamwitsa. Munthu watenga mankhwala ake, wafika kunyumba, watsegula kapepala kaja kamakhala m'kabokosi kapena wasaka pa Google, nde akupeza mawu oti atayesa pa makoswe mankhwalawa analepheretsa mimba kukhazikika. Mtima phaa. Kodi adokotala alakwitsa? Andipatsa mankhwala olera pomwe ine ndikufuna mwana?

Sanalakwitse, ndipo zomwe zalembedwa za makoswezo ndi zoonanso. Zonse ziwiri ndi zoona nthawi imodzi, ndipo kuti timvetse bwanji tikuyenera kulowa m'thupi mwa khoswe wamkazi tione mmene mahomoni ake amayendera. Homoni ndi uthenga wa m'magazi, chiwalo china chimaupanga nkuutumiza kuti chiwalo china chigwire ntchito. Mankhwala awiriwa ndi a m'banja la ergot, nde tiyambira pamenepo. Nkhaniyi ndiyayitaliko koma tiyenda nayo pang'onopang'ono.

Kodi ergot ndi chiyani

Ergot ndi mtundu wa chuku, dzina lake la sayansi ndi Claviceps purpurea, chimagwira ngala za mbewu ngati rye ndi tirigu. Pamalo pomwe panayenera kukhala njere pamamera kanthu kakuda kolimba, kotalikirapo ngati kanyanga. Ku Ulaya kalekale anthu ankagaya rye pamodzi ndi tinyanga timeneti nkupanga buledi, zotsatira zake zinali zoopsa zedi, ena manja ndi miyendo zinkatentha ngati moto kenako nkuda nkuthothoka chifukwa mitsempha ya magazi yafinyika, ena ankakomoka ndi kuona zinthu zomwe palibe. Matendawa ankawatcha moto wa Anthony Woyera.

Koma azamba akumeneko anazindikira kuti pang'ono chabe pa chuku chimenechi chimalimbitsa kukoka kwa chiberekero. Adam Lonicer wa ku Germany analemba za izi mu 1582, ndipo mu 1808 dokotala wa ku New York, John Stearns, anafalitsa nkhani yoti ufa wa ergot umafulumizitsa kubereka. Vuto linali loti mphamvu yake inalibe muyezo, ana ambiri ankafera m'mimba, nde m'kupita kwa nthawi madokotala anausiyira ntchito yoletsa kutaya magazi mayi akachira.

Kenako akatswiri a makemiko anayamba kupatula zomwe zili mkatimo. Mu 1906 ku London anapatula chomwe anachitcha ergotoxine. Mu 1918 Arthur Stoll wa kampani ya Sandoz ku Basel, Switzerland, anapatula ergotamine. Mu 1935 kunapezeka ergometrine, yemwe mpaka lero azamba amamudziwa, ngakhale masiku ano oxytocin ndi amene amayamba kuperekedwa mayi akamataya magazi ndipo ergometrine sapatsidwa kwa mayi wa bipi yokwera. Mu 1943 Stoll ndi Albert Hofmann anaonetsa kuti ergotoxine uja sanali chinthu chimodzi ayi, munali zitatu zosakanikirana: ergocornine, ergocristine ndi ergocryptine. Mayina awiriwa, ergocornine ndi ergocryptine, muwasunge, tikumana nawo kutsogoloku.

Chomwe chimapangitsa banja limeneli kukhala lovuta kulimvetsa ndi kaumbidwe kake. M'thupi muli timaloko tomwe asayansi amati ma receptor, ndipo uthenga uliwonse uli ndi kiyi wake. Kaumbidwe ka ergot kamafanana pang'ono ndi makiyi atatu a mu ubongo, dopamine, serotonin ndi noradrenaline. Nde ali ngati kiyi uja amalowa maloko angapo m'nyumba imodzi, pena amatsegula, pena amangolowa nkukakamira momwemo kiyi weniweni osalowanso. Mukasintha kachidutswa kamodzi kokha pa kaumbidweko, zitseko zomwe akutsegula zimasinthanso. Nchifukwa chake kunena kuti "ergot amachita chakuti" nkosakwanira, funso limakhala loti ergot wake uti, wochuluka bwanji, waperekedwa tsiku liti komanso nthawi yanji.

Kalendala ya khoswe wamkazi

Asayansi amakonda khoswe chifukwa zinthu zake zimathamanga. Mayi kuzungulira kwake kumatenga masiku pafupifupi 28, khoswe ndi masiku 4 kapena 5 basi, ndipo mimba yake ndi ya masiku 21 mpaka 23. Joseph Long ndi Herbert Evans a ku University of California anafotokoza bwino kuzungulira kumeneku mu 1922. Kuli magawo anayi, proestrus, estrus yomwe ndi nthawi yolola mphongo, metestrus ndi diestrus. Munthu wa mu labu m'mawa uliwonse amatenga timadzi pang'ono kumaliseche kwa khoswe nkuika pa galasi, akayang'ana pa maikulosikopu maselo ake amamuuza kuti lero khosweyu ali tsiku liti. Khoswe sasamba ngati munthu, choncho njira yodziwira ndi imeneyi.

Tsiku lofunika kwambiri ndi proestrus. Mazira akukhwima m'matumba a mazira ndipo akutulutsa homoni ya estrogen yochuluka. Estrogen ikakwera imauza chigawo cha pansi pa ubongo chotchedwa hypothalamus kuti zakonzeka kuno. Hypothalamus imatumiza uthenga wotchedwa GnRH kupita ku pituitary, kachiwalo kakang'ono kolendewera pansi pa ubongo, ndipo pituitary imakhuthulira m'magazi homoni ya LH yambiri nthawi imodzi. Chigumula cha LH chimenechi ndi chomwe chimaswa timatumba, ndipo pakadutsa maola 10 kapena 12, usiku kwambiri chakum'bandakucha, mazira amatuluka, nthawi zambiri oposa 10.

Pali kanthu kena kodabwitsa apa. John Everett ndi Charles Sawyer ku Duke University anaonetsa mu 1950 kuti ubongo wa khoswe umatumiza uthengawu pa nthawi yake yokhazikika, m'labu mwawo inali pakati pa 2 koloko ndi 4 koloko masana. Akamugoneka khoswe ndi mankhwala a pentobarbital nthawi imeneyi isanakwane, mazira samatuluka usiku umenewo, amadikira mawa lake nthawi ngati yomweyo. Zili ngati kumudzi komwe basi imadutsa kamodzi patsiku, ikakusiya palibe kuthamangira, udikire ya mawa. Akamugoneka nthawiyo itadutsa kale, palibe chimasintha chifukwa uthenga wapita. Ichi nchifukwa chake m'kafukufuku wa ergot mumapeza akulemba ola lenileni lomwe anabaya jakisoni.

Ndipo masana omwewo a proestrus si LH yokha imakwera, prolactin nayonso imakwera kwambiri. Apa ndi pomwe ergot amalowera.

Prolactin ndi chingwe chake

Ambiri timaidziwa prolactin ngati homoni ya mkaka, dzinali anaipatsa ndi Oscar Riddle ndi anzake chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Imapangidwa mu pituitary momwemo koma khalidwe lake ndi losiyana ndi mahomoni anzake. Enawo amakhala phee mpaka ubongo uwaitane. Prolactin ayi, ili ngati mbuzi yomwe imafuna kuthawira kumunda nthawi zonse, ubongo ntchito yake ndi kugwira chingwe. Chingwe chimenecho ndi dopamine. Mukadula kulumikizana kwa ubongo ndi pituitary, LH imatsika koma prolactin imakwera, mbuzi yamasuka.

Mankhwala ambiri a ergot amalowa pa loko wa dopamine, amene pano amatchedwa D2, pa maselo opanga prolactin, nkumachita ngati dopamine weniweni, kungoti iwo amakhalitsa pamenepo maola ambiri. Chingwe chimakokedwa mwamphamvu, prolactin m'magazi nkugwa.

Tsono kwa khoswe prolactin ili ndi ntchito ina yaikulu yomwe kwa munthu ilibe. Dzira likatuluka, pamalo paja pamatsala kachotupa kachikasu kotchedwa corpus luteum, ndipo ntchito yake ndi kupanga progesterone, homoni yomwe imakonza chiberekero kuti mluza udzamere, ngati kulima mizere mbewu isanagwe. Kwa khoswe amene sanakwerane ndi mphongo, kachikasuka kamangoyaka pang'ono tsiku limodzi kapena awiri nkuzilala. Akakwerana, kukhudzidwa kwa khomo la chiberekero kumatumiza uthenga ku ubongo ndipo prolactin imayamba kukwera kawiri patsiku, madzulo ndi usiku chakum'mawa, kwa masiku pafupifupi 10. Prolactin imeneyi ndi yomwe imakoleza moto wa corpus luteum. Ikasowa ngakhale kwa tsiku limodzi lokha motowo umazima, progesterone imagwa, munda sunakonzedwe.

Mphongo ikakhala yofulidwa njira za umuna, kapena wa mu labu akangokhudza khomo la chiberekero ndi kandodo kagalasi, thupi la khoswe limanyengeka nkuyamba zonsezi popanda mluza. Imeneyi ndi mimba yabodza, imatha masiku 12 kapena 13, ndipo yathandiza kwambiri pa kafukufuku.

Zomwe Shelesnyak anapeza ku Rehovot

Mu 1954 M. C. Shelesnyak wa ku Weizmann Institute ku Rehovot, Israel, ankafufuza mmene chiberekero chimalandirira mluza. Khoswe wa mimba yabodza mukamukanda pang'ono mkati mwa chiberekero, pamatupa ngati pafika mluza. Iye atabaya ergotoxine kutupako sikunachitike, ndipo patangopita masiku ochepa khosweyo anabwerera ku estrus ngati palibe chinachitika. Kwa makoswe a mimba yeniyeni ya masiku oyambirira, jakisoni mmodzi ankakwanira kuithetsa. Pambuyo pake ntchito yambiri inachitika ndi ergocornine payekha.

Chomwe ine chimandigwira mtima pa ntchito imeneyi ndi mmene anafufuzira gwero lake, nthawi imeneyo kunalibe njira yoyezera prolactin m'magazi a khoswe. Munthu ukanaganiza msanga kuti poti ergot amafinya chiberekero ndiye kuti wangokankha mluza kunja. Koma atapereka progesterone pamodzi ndi ergot, mimba inapitirira. Atapereka prolactin pamodzi ndi ergot, inapitiriranso. Ndiye kuti chiberekero chinali bwinobwino, corpus luteum inali bwinobwino, chomwe chinasowa ndi prolactin. Mu 1962 Zeilmaker ndi Carlsen anapita patsogolo, anagwiritsa ntchito makoswe omwe pituitary yawo inachotsedwa pansi pa ubongo nkuikidwa pa impso, kutali ndi ulamuliro wa ubongo, ndipo ergocornine anagwirabe ntchito, kusonyeza kuti amatha kufika pa pituitary mwachindunji. Njira yoyezera prolactin ya khoswe m'magazi itabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, labu ya Joseph Meites ku Michigan State University inatsimikiza ndi manambala kuti ergocornine amagwetsadi prolactin.

Palinso malire a nthawi. Mluza wa khoswe umamata m'chiberekero cha pa tsiku la 5 kapena la 6. Mukabaya ergocornine m'sabata yoyamba mimba imatha, koma mukadikira kupitirira tsiku la 7 kapena la 8 mlingo womwewo suchotsanso mimba, chifukwa nsengwa yayamba kupanga homoni yakeyake yofanana ndi prolactin, ndipo imeneyo dopamine alibe nayo chingwe. Akabereka, mukabayanso, mkaka umauma ana nkumaonda.

Nanga mazira, amatulukabe?

Apa ndi pomwe anthu amasakaniza zinthu ziwiri. Kutulutsa mazira ndi nkhani ina, kukhazikika kwa mimba ndi nkhani inanso. Khoswe akhoza kutulutsa mazira ake onse, nkukwerana, umuna nkukumana ndi mazira bwinobwino, koma osabereka chifukwa progesterone kunalibe. Wongowerenga ana obadwa anena kuti mankhwalawa aletsa kubereka, zomwe ndi zoona, koma sanatiuze kuti zinthu zasokonekera pati.

Kuti adziwe za mazira, a mu labu amabaya mankhwala pa proestrus ola lija lisanakwane, m'mawa mwake amapha khosweyo nkutenga njira za mazira nkuwerenga mazira limodzilimodzi pa maikulosikopu. Zomwe zinapezeka ndi zoti kugwetsa prolactin pakokha sikuletsa mazira kutuluka. Mlingo wochepa womwe ukukwanira kufafaniza kukwera kwa prolactin kwa masana aja umasiya LH ikukwerabe mokwanira, ndipo m'mawa mazira amapezeka. Ndiye kuti ngakhale prolactin ndi LH zimakwera limodzi, yoswa timatumba ndi LH.

Koma mukakweza mlingo, mankhwala ena a m'banjali amaletsadi mazira. Kraicer ndi Strauss analemba mu 1970 za ergocornine kuletsa kutuluka kwa mazira m'makoswe, ndipo ku Sandoz, Marko ndi Edward Flückiger anakhala zaka akuyerekeza mankhwala osiyanasiyana pa nkhani yomweyi. Mphamvu yoletsa mazira sinkayendera limodzi ndi mphamvu yogwetsa prolactin, mankhwala ena ndi akatswiri pa prolactin koma ofooka pa mazira. Kumbukirani kiyi uja wolowa maloko angapo. Chigumula cha LH chimadalira noradrenaline ndi serotonin mu ubongo, Sawyer, Everett ndi Markee anali ataonetsa kale chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kuti mankhwala otseka maloko a adrenaline amaletsa khoswe kutulutsa mazira. Nde ergot wochuluka akafika pa maloko amenewa amasokoneza uthenga wa GnRH pa ola lake lija, basi yadutsa. Njira yotsimikizira ndi yomwe ija ya Shelesnyak, kubwezera chomwe ukuganiza kuti chasowa: ukapereka LH kapena hCG, homoni ya mimba ya munthu yomwe imagwira ntchito ngati LH, kuchokera kunja mazira nkutuluka, wadziwa kuti thumba la mazira lilibe vuto, chotchinga chili kumtunda, mu ubongo.

Pali chinthu china chomwe chinatulukira mosayembekezeka. Makoswe omwe ankalandira ergot masiku ambiri uku akuzungulirabe, matumba awo a mazira ankalemera, atawang'amba anapeza ma corpus luteum akale atadzazana. Mu 1971 magulu awiri, Wuttke ndi Meites ku America, Billeter ndi Flückiger ku Basel, anafotokoza chifukwa chake. Kukwera kwa prolactin kwa pa proestrus ntchito yake ndi kusesa, kumagumula ma corpus luteum akale omwe anatha ntchito. Homoni imodzi yomweyo, ikapeza corpus luteum yatsopano imaikoleza, ikapeza yakale imaigwetsa. Izi zinadziwika chifukwa ergot anapereka njira yozimitsa prolactin yokha nkusiya zina zikuyenda.

Kubadwa kwa bromocriptine

Flückiger ataona ntchito ya Shelesnyak anaganiza zosaka ergot amene angagwetse prolactin popanda kufinya kwambiri chiberekero ndi mitsempha ya magazi. Mayeso ake anali omwewa, kubaya makoswe omwe angokwerana kumene nkuona ngati mimba ikhazikika. Mankhwala oletsa mimba ya khoswe pa mlingo wochepa ndiwo anali opambana. Atalumikiza atomu imodzi ya bromine pa ergocryptine anapeza chomwe ankafuna, anachipatsa nambala yoti CB-154, ndipo Flückiger ndi Wagner analemba za zotsatira zake pa makoswe mu 1968. Ameneyu ndiye bromocriptine, m'mafamase amadziwikanso kuti Parlodel.

Taonani, nthawi imeneyo akatswiri ambiri ankakayikira ngati munthu ali ndi prolactin yakeyake, ankaganiza kuti ntchitoyo imagwiridwa ndi homoni yokulitsa thupi. Henry Friesen ndi anzake ku Montreal ndi amene anaipatula nkupanga njira yoiyezera cha m'ma 1970 ndi 1971. Mu 1972 Michael Besser ndi anzake ku London analemba za odwala omwe mkaka unasiya kutuluka ndipo msambo unabwerera atamwa mankhwalawa. Zoti amagwira ntchito potsanzira dopamine zinadziwika mu 1973 kuchokera kwa Corrodi, Fuxe, Hökfelt ndi anzawo ku Sweden, ndipo mu 1974 Donald Calne anawayesa pa matenda a Parkinson, aja a mu ubongo onjenjemeretsa thupi. Mankhwala anayamba kuchiza anthu asanadziwike bwinobwino kuti amagwira bwanji. Cabergoline anabwera pambuyo kuchokera ku kampani ya Farmitalia Carlo Erba ku Milan, iyeyu amakhalitsa m'thupi moti amamwedwa kamodzi kapena kawiri pa sabata.

Ndiye bwanji kwa mayi zimatembenuka

Kwa munthu corpus luteum sidalira prolactin. Imayaka yokha mothandizidwa ndi LH kwa masiku pafupifupi 14 kaya mayi wakhala malo amodzi ndi bambo kaya ayi, ndipo mluza ukafika umatulutsa hCG, homoni ija imaonetsa mizere iwiri pa kachipangizo koyezera mimba, nkupitiriza kuisunga. Kugwetsa prolactin sikuzimitsa moto umenewu.

Vuto la mayi limakhala prolactin ikachuluka. Ikakwera kwambiri imatsekereza uthenga wa GnRH, LH imafooka, dzira silikhwima, msambo umasowa. Ndi zomwe zimathandizira kuti mayi woyamwitsa mwakathithi m'miyezi 6 yoyambirira, msambo usanabwerere, asatenge pathupi msanga. Koma imathanso kukwera popanda kuyamwitsa, chifukwa cha kachotupa ka mu pituitary kotchedwa prolactinoma komwe nthawi zambiri si khansa, kapena chithokomiro chikafooka, kapena chifukwa cha mankhwala otseka loko wa dopamine monga haloperidol, chlorpromazine, risperidone ndi metoclopramide. Nchifukwa chake dokotala amafunsa kaye mankhwala ena omwe mukumwa nkuyeza magazi asanalembe chilichonse. Pamene gwero ndi prolactin yochokera ku pituitary, bromocriptine kapena cabergoline amaitsitsa, chotchinga chimachoka, mazira amayambanso kutuluka, ndipo mayi akhoza kutenga pathupi ngakhale msambo woyamba usanaoneke. Akangodziwa kuti waima akuyenera kuwauza adokotala msanga, iwo ndi amene amaona ngati mankhwala asiyidwe kapena apitirire malinga ndi kukula kwa chotupacho.

Ndipo ngakhale kwa khoswe, prolactin ikachuluka mopyola zimakhalanso chimodzimodzi. Makoswe aakazi okalamba ambiri amangokhala m'mimba yabodza yobwerezabwereza chifukwa dopamine wawo wachepa, ndipo akapatsidwa mankhwala a m'banja la ergot kuzungulira kwawo kumatha kubwerera. Kwa khoswe ndi kwa mayi mankhwala akuchita chinthu chimodzi chomwecho, kutsitsa prolactin, zotsatira zake zikudalira kuti prolactin imeneyo imagwira ntchito yanji m'thupi limenelo pa nthawi imeneyo.

Nkhani yomweyi ndi imene ili kuseri kwa chinthu china choopsa chomwe chimalembedwa pa mapepala a mankhwalawa. Makoswe aakazi atapatsidwa bromocriptine kwa pafupifupi zaka ziwiri, ena anatuluka zotupa m'chiberekero. Kufotokoza komwe kunaperekedwa nkoti khoswe wopanda prolactin amasowa progesterone, nde chiberekero chake chimangomenyedwa ndi estrogen yokha mwezi ndi mwezi, pomwe kwa mayi progesterone sidalira prolactin. Izi sizikutanthauza kuti kwa anthu mankhwalawa alibe mavuto ayi, ali nawo ake omwe khoswe sanawaonetse bwino. Amachititsa nseru, chizungulire ndi kutsika kwa bipi ukaimirira. Ku America mu 1994 anasiya kugwiritsa ntchito bromocriptine poumitsa mkaka wa amayi ongobereka kumene kutabwera malipoti a sitiroko, kukomoka ndi matenda a mtima. Mu 2007 pergolide, wa m'banja lomweli, anachotsedwa pa msika wa ku America chifukwa choononga mavavu a mtima, ndipo apa wolakwa anali loko wina wa serotonin wotchedwa 5-HT2B. Cabergoline naye anakhudzidwa ndi nkhani ya mavavuyi makamaka pa milingo ikuluikulu ya odwala Parkinson, yomwe ndi yoposa kutali ya odwala prolactin.

M'khola ndi m'munda

Nkhaniyi si ya mu labu mokha. Kuno kum'mwera kwa Africa kuli abale ake a chuku chija. Claviceps fusiformis imagwira mchewere, ndipo ku Zimbabwe, nthawi imeneyo kukutchedwa Southern Rhodesia, m'zaka za m'ma 1950 madokotala a ziweto anaona nkhumba zazikazi zomwe zinadya mchewere wogwidwa ndi chukuchi zikubereka koma mkaka osatuluka, tiana nkumafa ndi njala. Peter Mantle ku London anadzaonetsa pa mbewa za mu labu kuti kemiko ya agroclavine ya m'chuku chimenechi ndi yomwe imaumitsa mkaka. Claviceps africana imagwira mapira, mlimi amaizindikira ndi timadzi tomata ngati uchi tomwe timadontha pa ngala, ndipo itafika ku Australia mu 1996 alimi a nkhumba akumeneko anakumana ndi vuto lomwelo la mkaka. Ku America mahatchi aakazi odya udzu wa fescue wokhala ndi chuku cha mtundu wina mkati mwake amapitirira masiku obereka ndipo amasowa mkaka, mankhwala ake ndi domperidone, amene amatseka loko wa dopamine kuti prolactin imasuke, kutembenuza ndendende zomwe ergot wachita.

Kwa anthu zinachitika ku Wollo, Ethiopia, mu 1977 ndi 1978, balere atasakanikirana ndi udzu wamtchire wogwidwa ndi ergot. Anthu anaola miyendo, ena anamwalira, ndipo makanda ambiri anafa chifukwa amayi awo anadwala kapena mkaka unawauma. Ndikaiwerenga nkhani imeneyi ndimaona kuti zomwe Shelesnyak ankayeza pa makoswe ake sizinali zakutali ndi moyo wa anthu.

Galu naye ali ndi njira yake, pakati pa khoswe ndi munthu. Corpus luteum ya galu wamkazi imadalira prolactin osati kumayambiriro ngati khoswe, koma theka lachiwiri la mimba yake ya masiku pafupifupi 63. Ndiye cabergoline amene kwa khoswe amathetsa mimba m'sabata yoyamba nkulephera pambuyo pake, kwa galu mphamvu yake imaoneka mimba ikapitirira pakati. Madokotala a ziweto amamugwiritsanso ntchito pa agalu a mimba yabodza, aja amatupa mawere nkumakumba malo ogonekapo ana omwe kulibe, amawapatsa kwa masiku 5 kapena 6 mkaka nkuuma.